Mafunso ndi Mayankho: Kuchuna Makina Ofufuzira Zitsulo M'nthaka

Makalata a mwezi uno ambiri akukhudza chinthu chimodzi: munthu wagula detekita, makina aja ofufuzira zitsulo zokwiririka, koma mabatani ake akumuzunguza mutu. Mayina a mabataniwa tawasiya mmene alembedwera pamakinapo kuti musavutike kuwapeza. Tikanena kuti ayironi tikutanthauza chitsulo chogwidwa ndi maginito, cha misomali ndi mawaya chija, ndipo koilo ndi mbale ya kumapeto kwa ndodo imene imayenda pamwamba pa dothi.

Funso: Ndinakweza sensitivity mpaka pamapeto kuti makina azifika pansi kwambiri. Tsopano akungobwebweta paliponse, ngakhale pomwe palibe kanthu. Kodi ndi owonongeka?

Yankho: Kawirikawiri sakhala owonongeka. Sensitivity siwonjezera mphamvu yolowa m'dothi, imangokuza zimene koilo yamva, zabwino ndi zoipa zomwe. Zili ngati kukweza voliyumu pa wailesi imene siteshoni yake sikugwira bwino: mawu akwera, koma mkokomo nawonso wakwera. Khobidi lakuya limalira motsitsa kwambiri, ndiye likasakanikirana ndi kubwebweta kuja mumalidutsa osadziwa.

Yambani mwapeza kumene phokosolo likuchokera. Nyamulani koilo m'mwamba, kutali ndi dothi, muigwire osaigwedeza. Ngati makina akulirabe, vuto ndi magetsi a pafupi: mawaya a magetsi, mpanda wamagetsi, foni ya m'thumba mwanu, kapena detekita ya mnzanu amene wakuyandikirani kwambiri. Apa dinani noise cancel koilo ili m'mwamba chomwecho, mudikire masekondi ochepa kuti makina asankhe njira yopanda phokoso. Ngati ali zii m'mwamba koma akulira mukamayendetsa koilo pansi, vuto ndi dothi, ndipo mankhwala ake ndi ground balance. Ngati akulira pokhapokha koilo ikagunda udzu kapena mwala, onani waya: mwina pulagi yake yakhwepa, kapena wayayo akulendewera pafupi ndi koilo moti makina akumva waya wawo womwe. Muzengeni bwino pandodo. Vulaninso chikuto cha pulasitiki cha pansi pa koilo mukhutule mchenga umene umabisala mmenemo.

Ground balance imachitika motere. Dothi lambiri lili ndi tizidutswa ta miyala ya ayironi, makamaka dothi lofiira ndi mchenga wakuda, ndipo makina amafunika kuphunzitsidwa kuti zimenezi si zofunika kulirira. Pezani malo amene mwatsimikiza kuti mulibe chitsulo. Dinani batani la ground balance osalisiya, n'kumakweza ndi kutsitsa koilo pakati pa masentimita 3 ndi 20 kuchokera pansi, mosathamanga, mpaka kulira kukhazikike kapena nambala ya pasikirini ileke kusintha. Pa makina ochuna pamanja, lamulo la ambiri ndi ili: ngati liwu likukwera pamene koilo ikutsika, tsitsani nambala, ngati likukwera pamene koilo ikukwera, ikwezeni. Cholakwa chofala ndi kuchita zimenezi pamwamba pa msomali wobisika. Mukatero makina asokonezeka mpaka mutabwereza pamalo opanda chitsulo.

Sensitivity ibwere pomaliza. Ikwezeni pang'onopang'ono mpaka makina ayambe kubwebweta, kenako bwererani m'mbuyo kamodzi kapena kawiri. Pa detekita ya Minelab Equinox 800, imene sensitivity yake imayambira 1 kufika 25, malo ambiri amalola 18 mpaka 22. Mukasuntha malo, mwachitsanzo kuchoka pa udzu kupita pa dothi lolimidwa, bwerezani zonse zitatu, noise cancel, ground balance ndi sensitivity, mwa ndondomeko yomweyi.

Makina ena ali ndi tracking, yomwe imasintha ground balance yokha mukuyenda. Ndi yothandiza pomwe dothi likusinthasintha, koma ili ndi khalidwe loipa limodzi: mukadutsitsa koilo kambirimbiri pa chinthu chakuya cholira motsitsa, makina amayamba kuchiyesa dothi n'kuchifafaniza. Mukamva kaliwu kokayikitsa, musadutsitsepo koilo maulendo makumi awiri tracking ili yoyatsa.

Funso: Ndimafuna mphete zagolide, koma ndatopa kukumba timphete totsegulira zitini za zakumwa ndi tizidutswa ta foyilo. Ndiike discrimination, batani lozimitsa kulira kwa zitsulo zosafunika lija, pati kuti zinyalalazi zileke kulira?

Yankho: Pepani, yankho lake silikusangalatsani. Mukazimitsa zinyalala zimenezo mwazimitsanso golide amene mukumufunayo.

Detekita siona mtundu wa chitsulo. Koilo imatumiza mphamvu ya maginito m'dothi, mphamvuyo imadzutsa timagetsi tozungulira mkati mwa chitsulo, ndipo makina amayeza mmene timagetsito tikuchedwera kuyankha. Nambala ya pasikirini, ija ya target ID, imachokera pa zinthu zingapo pamodzi: mmene chitsulocho chimadutsitsira magetsi, kukula kwake, kuchindikala kwake ndi maonekedwe ake. Siliva ndi kopa zimadutsitsa magetsi bwino zedi, n'chifukwa chake makobidi ake amapereka manambala apamwamba. Golide wa zodzikongoletsera si golide yekhayekha. Mphete yodindidwa 375 ili ndi magawo 37.5 pa 100 a golide, ya 585 ili ndi 58.5, ya 750 ili ndi 75, ndipo zotsalazo ndi kopa, siliva, zinki kapena zitsulo zina. Zitsulo zikasakanizidwa chonchi zimadutsitsa magetsi movutikira kuposa chilichonse pachokha. Zotsatira zake n'zakuti mphete yagolide imagwera pakatikati pa manambala, pomwe pamagweranso aluminiyamu wopyapyala.

Pa makina a manambala 0 mpaka 99, monga a Garrett, ayironi amakhala pansi pa 40, foyilo cha m'ma 40, timphete ta zitini cha m'ma 50, ndipo makobidi a kopa ndi siliva cha m'ma 80. Kamphete kopyapyala ka mayi kamalira limodzi ndi foyilo. Mphete yapakatikati imalira limodzi ndi timphete ta zitini. Yaukwati yochindikala ya bambo imakwera kufika cha m'ma 60 kapena 70, pomwe pamagwera zitsekerero za aluminiyamu. Pa Equinox 600 ndi 800 manambala ndi ena, kuyambira -9 kufika 40: ayironi ali pa 0 kutsika pansi, ndipo golide angapezeke paliponse kuyambira pa 1 kufika cha m'ma 20. Choncho musatengere nambala ya makina a mnzanu. Nambala 13 pa makina ena ndi msomali, pa ena ingakhale mphete.

Ndiye muchite chiyani? Discrimination ithere pa ayironi basi. Kenako sankhani malo m'malo mosankha manambala. Mphete zimagwa pomwe anthu amasambira, kusewera mpira, kuvula magolovesi kapena kudzola mafuta, chifukwa zala zikazizira kapena kuterera mphete imavuka yokha. Pamalo otere kumbani chilichonse cholira momveka bwino mbali zonse. Pamalo pomwe anthu amangokhala n'kumamwa, zinyalala zimachuluka kuposa mphete kutalitali.

Notch, imene imazimitsa kagawo kochepa ka manambala n'kusiya ena onse, ili ndi ntchito yake. Ngati pamalopo mwakumba timphete ta zitini khumi ta mtundu umodzi ndipo tonse tapereka nambala imodzimodzi, mutha kuzimitsa nambala imeneyo yokha, kapena ziwiri. Dziwani kuti mwavomera kutaya mphete iliyonse yogwera pamenepo. Ife timaona kuti kuli bwino kusiya zonse zikulira koma mosiyanitsa mawu, ayironi besi, zapakati liwu lapakati, siliva liwu lokwera, kuti wosankha mukhale inu osati makina. Palinso chifukwa china: chinthu chozimitsidwa sichimangokhala chete, chimadulanso liwu la chinthu chabwino chimene chagona pambali pake.

Funso: Nthawi zina nambala imadumphadumpha, 78, kenako 85, kenako 30. Ndikumbe kapena ndidutse?

Yankho: Zimatengera kuya kwake. Khobidi logona chafufumimba pa masentimita 10 liyenera kupereka nambala yokhazikika, yosuntha ndi imodzi kapena ziwiri. Likapitirira masentimita 18 kapena 20, liwu lake limachepa, dothi limayamba kulowerera, ndipo nambala imayendayenda, kawirikawiri kutsikira ku ayironi ngati dothilo lili ndi miyala ya ayironi yambiri. Choncho nambala yodumpha pa liwu lamphamvu lapafupi nthawi zambiri ndi chinyalala, koma nambala yodumpha pa kaliwu kofewa, kakang'ono, kobwereza malo amodzimodzi ndi yoyenera fosholo. Makobidi akale amakhala kumeneko. Apa mahedifoni ndi ofunika, chifukwa sipika ya pamakina imameza timawu totere.

Musanakumbe, yesani zinthu zitatu. Yendetsani koilo pang'onopang'ono uku ndi uku pamalopo, kenako zungulirani muime chopingasa ndi mmene munaimira poyamba n'kubwereza. Khobidi limalira mbali zonse ziwiri. Msomali wopindika kapena wadzimbiri umanamiza ndi liwu lokwera mbali imodzi, mukatembenuka umasanduka besi kapena kukhala chete. Chachiwiri, dinani pinpoint, batani lolozera pomwe chinthu chagona penipeni, muone ngati pakati pa chinthucho pakugwirizana ndi pomwe liwu lokwera limamvekera. Ngati pinpoint ikukukokerani masentimita angapo pambali, liwu lija limachokera kunsonga ya msomali. Chachitatu, kwezani koilo pang'onopang'ono mukuyendetsabe. Khobidi limazimirira msanga. Chitini chophwanyika chokwiririka pansi, chomwe chimakonda kudziyesa siliva, chimalirabe koilo ili masentimita 30 m'mwamba, ndipo pa pinpoint chimamveka chotambalala.

Zitsekerero za mabotolo zamanomano zija ndi ayironi wopyapyala wozungulira, ndipo pa koilo ya DD, imene mawaya ake amkati amapanga zilembo za D ziwiri, zimalira ngati khobidi. Kokerani koilo kwa inu pang'onopang'ono mukuigwedeza, mpaka nsonga yake yakutsogolo ifike pa chinthucho. Chitsekerero chimatulutsa besi chakumapetoko, khobidi limangozima popanda besi. Khobidi loima chammbali nalo lili ndi kalankhulidwe kake, limalira kawiri motsatizana ngati lachibwibwi.

Chenjezo limodzi kwa ofuna makobidi amakono: ambiri ndi ayironi wokutidwa. Ku Britain makobidi a 1p ndi 2p akhala otero kuyambira 1992, ndipo a 1, 2 ndi 5 senti a yuro nawonso ndi ayironi wokutidwa ndi kopa. Oterewa amalira mosokonekera ngati zitsekerero. Yesani makobidi amene mukuwafuna ndi maginito. Akagwidwa, tsitsani discrimination, apo ayi muziwaponda osawamva.

Funso: Makina anga amalola kusankha 5, 10, 15, 20 kapena 40 kHz, komanso multi. Yabwino ndi iti?

Yankho: Manambalawa ndi firikwensi, kutanthauza liwiro limene mphamvu yochokera mu koilo imasinthira. Mafirikwensi otsika, 4 mpaka 6 kHz, amakonda zinthu zazikulu zodutsitsa magetsi bwino, monga makobidi akuluakulu a siliva ndi kopa, ndipo amazipeza pakuya. Okwera, 18 kHz kupita m'mwamba, amamva bwino tinthu tating'ono ndi todutsitsa magetsi movutikira: ndolo, timakobidi topyapyala takale, tizidutswa ta golide. N'chifukwa chake Fisher Gold Bug 2, yopangidwira golide wa m'miyala, imagwira ntchito pa 71 kHz, pamene makina a ntchito zonse amakhala pakatikati, monga Garrett AT Pro pa 15 kHz ndi Nokta Simplex+ pa 12 kHz. Vuto la firikwensi yokwera ndi lakuti imamvanso kafoyilo kalikonse ndi dothi lomwe.

Ngati muli ndi multi, yomwe imagwiritsa ntchito mafirikwensi angapo nthawi imodzi, yambirani pamenepo ndipo masiku ambiri simudzafunika kuchokapo, chifukwa manambala ake amakhazikika bwino pakuya. Pitani ku firikwensi imodzi pamene phokoso la magetsi lakana kutha ndi noise cancel. Yesani iliyonse koilo ili m'mwamba, mutenge yomwe yakhala chete.

Funso: Ndapatsidwa chilolezo chofufuza pomwe panali nyumba yakalekale. Pansi ponse ndi misomali, makina akungolira besi. Ndingapeze bwanji mabatani, zomangira malamba ndi makobidi pakati pa zimenezi?

Yankho: Malo ngati amenewa ndi omwe amasiyanitsa wodziwa makina ake ndi wongowanyamula, ndipo besi mukuidandaulayo ndi uthenga wabwino: misomali yochuluka ikusonyeza pomwe anthu ankakhaladi. Musaizimitse. Siyani ayironi akumveka koma mutsitse voliyumu yake, pa batani la iron volume kapena iron audio, kuti khutu lizitha kutola liwu lokwera likatumphuka pakati pa mabesiwo.

Mdani wanu pano ndi kuphimbana. Makina akamva msomali amatenga kanthawi asanakonzeke kumva chinthu chotsatira, ndipo batani lamkuwa logona masentimita 4 kuchokera pa msomaliwo limamezedwa m'kanthawi kameneko. Chochepetsa kanthawika ndi recovery speed, imene pa makina a kampani ya XP imatchedwa reactivity. Pa Equinox 800 imayambira 1 kufika 8: pamisomali ikani 6 kapena 7, pamunda woyera wopanda zinyalala tsitsani kufika 3 kapena 4 n'kuyendetsa koilo modekha. Mukaikweza mumataya kuya pang'ono ndipo mawu amafupika. Pamalo a misomali zimenezo zisakudetseni nkhawa, chifukwa zinthu zambiri zabwino sizili pakuya, zangobisika.

Iron bias ikhale yotsika. Ikakwera, makina akakayikira chinthu amachiweruza kuti ndi ayironi, ndiye misomali yonamiza imachepa koma batani losakanikirana ndi msomali limapita nayo limodzi. Sensitivity nayonso itsike ndi manambala awiri kapena atatu kuyerekeza ndi ya pamalo oyera, chifukwa ikakwera koilo imamva misomali ya m'mbali yomwe sili pansi pake n'komwe.

Koposa mabatani onsewa, sinthani koilo. Yabwinobwino ya mainchesi 11 imakhala ndi misomali itatu kapena inayi pansi pake nthawi imodzi. Ya mainchesi 5 kapena 6 imalowa pakati pawo. Yendani pang'onopang'ono, ulendo uliwonse wa koilo uphimbe theka la ulendo wapitawo, ndipo mukamaliza malowo muwabwereze mukuyenda chopingasa, chifukwa chinthu chophimbika mbali ina chimaonekera mbali inayo. Koilo ikhale yogona mofanana ndi dothi mpaka kumapeto kwa dzanja. Ambiri amaikweza kumapetoko ngati akusesa, ndipo sentimita iliyonse imene koilo yakwera ndi sentimita imene mwataya pansi.

Mutha kuziona nokha kunyumba. Ikani khobidi pa dothi loyera, msomali pambali pake motalikirana masentimita 5, n'kudutsitsa koilo masentimita 8 pamwamba. Sinthani recovery speed, sinthani liwiro la dzanja, sendezani msomaliwo pafupi, mumve pomwe khobidi likuzimirira.

Kumbukiraninso kuti pa zinthu zamakedzana ayironi weniweniyo angakhale chuma: nkhwangwa, makiyi, mipeni, maloko. Besi yaikulu yotambalala muzikumbako ina. Zipolopolo zakale za mtovu ndi mabatani amkuwa zimagwera pakatikati, pomwe pali timphete ta zitini paja, chifukwa china chosakwezera discrimination. Mukakumana ndi chinthu chooneka ngati bomba kapena chipolopolo chachikulu chosaphulika, musachigwedeze kapena kuchitulutsa. Ikani chizindikiro, chokanipo, dziwitsani apolisi. Ndipo chilolezo cha mwini malo sichikwanira paliponse. Mayiko ambiri amaletsa kukumba pamalo otetezedwa a mbiri yakale ndi pamanda, ndipo ena amalamula kuti zopezeka zinenedwe. Ku England ndi Wales, lamulo la Treasure Act la 1996 limapereka masiku 14 oti munthu anene za chuma chimene wapeza. Lembani pomwe chinthu chilichonse chatuluka ndi kuya kwake, ndipo musachikweche ndi waya kapena mchenga, chifukwa utoto wobiriwira wa pamkuwa wakale ukachoka zolemba zake zimapita nawo.

Funso: Pa mchenga wouma wa kugombe la nyanja yamchere makina anga amagwira bwino. Ndikangofika pa mchenga wonyowa amapenga. Chimachitika n'chiyani?

Yankho: Madzi amchere amadutsitsa magetsi, ndiye kwa makina gombe lonse lonyowa limaoneka ngati chitsulo chimodzi chachikulu chofooka. Pa nyanja ndi mitsinje ya madzi opanda mchere vutoli kulibe. Makina a firikwensi imodzi amatha kuchotsa mchere kapena miyala ya ayironi, koma osati zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo pomwe pali mchenga wakuda wonyowa ndi madzi amchere amagonja. A multi amayerekeza mayankho a mafirikwensi angapo n'kuchotsa gawo la mcherewo, n'chifukwa chake ali ndi beach mode. Makina a mtundu wa pulse induction samva mchere kwenikweni ndipo amafika pakuya, koma sasiyanitsa bwino zitsulo, moti mudzakumba waya ndi mbedza iliyonse.

Ngati muli ndi a firikwensi imodzi, chitani ground balance pamchenga wonyowa pomwepo. Nambala idzatsika kwambiri, ndipo ngati makina anu ali ndi ground balance yokhomereratu kufakitale sangafike kumeneko. Tsitsani sensitivity mpaka akhazikike, kwezani discrimination pang'ono kupitirira ayironi, ndipo yendani motsata m'mphepete mwa madzi kuti chinyezi cha pansi pa koilo chisamasinthesinthe. Musagunditse koilo pamchenga wonyowa. Dziwaninso kuti kagolide kakang'ono kwambiri kamayankha mofanana ndi mchere, choncho makina alionse akachotsa mchere amachotsako ndi tindolo tating'ono.

Golide ndi wolemera, amamira mumchenga wofewa mpaka atakhazikika pa dongo kapena miyala ya pansi. Funani pomwe mafunde akokolola mchenga n'kusiya chiphompho kapena timiyala poyera. Mukayamba kutola mitovu ya asodzi ndi makobidi obiriwira, mwafika pamzere wa zolemera, chepetsani liwiro. Mukamangotola zitini ndi foyilo, mchengawo ndi watsopano, sunthani. Koilo zambiri zimalowa m'madzi, koma bokosi la mabatani si lonse limene limatero, onani buku la makina anu. Pomaliza tsukani ndodo ndi koilo ndi madzi opanda mchere.

Funso: Ndinayesa katcheni kanga kagolide kutsogolo kwa koilo, makina ali duu. Koma mphete yopepuka kuposa katcheniko amaimva patali. Bwanji?

Yankho: Makina samva katcheni konse ngati chinthu chimodzi, amamva kalumikizo kamodzikamodzi, ndipo kalikonse n'kochepetsetsa. Mphete ndi mkombero wathunthu, timagetsi tija timazungulira momasuka, n'chifukwa chake imalira mokweza. Mphete yomweyo ikaduka pena, nambala yake imagwa kwambiri ndipo kuya kumachepa. Ndolo zotseguka nazonso ndi chimodzimodzi.

Pofuna katcheni kotayika, sankhani firikwensi yokwera kwambiri imene muli nayo, 20 kapena 40 kHz, ikani koilo yaing'ono, zimitsani discrimination yonse, ndipo koilo ikhudze udzu. Yembekezerani kaliwu kosweka pa manambala oyandikana ndi ayironi, ndipo kawirikawiri chomwe chimalira ndi kokowekera kake kapena kachinthu kolendewera. Ngati pali ndolo inzake kapena katcheni kofanana, kaikeni pansi muyambe mwamva kaliridwe kake. Kuya kwake sikupitirira masentimita ochepa, choncho ngati katayika kumene pa udzu, fufuzani anthu asanapondepo.